Kasungidwe ka makalata ndi mapepala a kholo lomwe linkafufuza za yellow fever

Pogawa katundu wa malemu, njinga, mipando ndi zovala zimapeza eni ake tsiku lomwelo. Chomwe chimasowa mwini ndi sutikesi ya mapepala. Uyu atengamo zithunzi, uyo satifiketi yoti akapachike pakhoma, makalata n'kugawidwa kwa ana kuti aliyense akhale ndi kokumbukira, zotsala n'kukankhidwira kunsi kwa bedi mpaka chiswe chitazitulukira. Palibe wochita dala, koma pakatha zaka khumi sapezeka ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kalata iyi inkayankha iti, kapena kuti waima kumanzere pachithunzipo ndi ndani.

Kwa mabanja a anthu omwe ankalimbana ndi yellow fever, nthenda yofala ndi udzudzu, ku Havana, Lagos, Accra ndi Entebbe, nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ena a iwo anafa asanafotokoze okha za ntchito yawo. Jesse Lazear anamwalira ndi nthendayi ku Cuba mu 1900 ali ndi zaka 34, Adrian Stokes ku Lagos mu 1927, Hideyo Noguchi ku Accra mu 1928. Zambiri zomwe zikudziwika lero za gulu la Walter Reed, dokotala wa asilikali a America yemwe anatsogolera kafukufuku wa nthendayi ku Cuba, zinasungidwa ndi akazi amasiye, ana ndi anzawo, kenako n'kusonkhanitsidwa ndi dokotala Philip Hench, yemwe anatha zaka zoposa makumi awiri akulembera makalata mabanjawo. Malangizo ali m'munsimu ndi a munthu amene wasiyiridwa bokosi lotere, kaya linali la dokotala, namwino, wothandizira mu labotale, kalaliki kapena wogwira udzudzu. Agwiranso ntchito ngati agogo anu ankafufuza malungo kapena kaodzera.

## Zofunika kukhala nazo

- Tebulo lalikulu, louma, lomwe simudyerapo masiku amenewo
- Mapensulo ofewa a 2B ndi kope latsopano
- Mafoda ndi makatoni olembedwa kuti acid-free, kutanthauza opanda asidi. Akasowa, mapepala oyera a fotokope a A3 opindidwa pakati
- Timatumba ta zithunzi ta polyester kapena polypropylene
- Burashi yofewa yomwe sinagwirepo penti
- Magolovesi a nitrile ndi chophimba pamphuno cha N95
- Kampeni kobuntha kopyapyala kotukulira mawaya a sitepula
- Matumba apulasitiki otsekeka bwino, a ntchito ya firiza yokha
- Sikana kapena foni ya kamera yabwino, ndi posungira ziwiri, monga hard drive ndi fulashi
- Kachipangizo koyezera chinyezi, ngati mungakapeze

Selotepi, guluu, bolopeni, mphira zomangira ndi makina a laminating zikhale kutali ndi tebulolo.

## Musanatsegule bokosi

1. Gwirizanani pabanja kuti mapepala sagawidwa. Sankhani munthu mmodzi wosunga, ndipo mulembe papepala kuti ndi ndani, wasunga m'malo mwa ndani, komanso wolandira akadzachoka iyeyo. Enawo alonjezedwe makope a chilichonse. Ichi chichitike msanga, mitima idakali pamodzi. Kalata imodzi payokha imanena zochepa. Makalata makumi anayi otsatizana ndiwo amaonetsa tsiku limene munthu anasintha maganizo, mwezi umene anadwala, ndi munthu amene anayambana naye.

Chenjezo: wosunga asakhale wamkulu pabanja chabe chifukwa ndi wamkulu. Akhale wa nyumba yosadontha ndiponso wosasamukasamuka.

2. Jambulani zonse monga mwazipezera. Kunja kwa bokosi, zolembedwa pachivundikiro, ndi gawo lililonse la m'kati musanalinyamule. Mmene mwini wake anaunjikira zinthu ndi umboni pakokha.

3. Yang'anani zoopsa. Bokosi la munthu wa mu labotale sililingana ndi la mphunzitsi. Mukhoza kupezamo timabotolo ta mankhwala, timachubu tagalasi totsekedwa, masingano, timagalasi ta maikulosikopu topakidwa magazi, ngakhale choyezera kutentha thupi cha mercury. Valani magolovesi. Musatsegule botolo, musanunkhize, musathire m'chimbudzi. Samalani makamaka ndi botolo lolembedwa picric acid kapena la timiyala tachikasu touma pachitsekerero: mankhwala amenewa akauma amatha kuphulika pongopotokola chitsekererocho. Lisiyeni pomwepo, jambulani chizindikiro chake muli pataliko, ndipo dziwitsani a labotale ya chipatala kapena ya yunivesite yapafupi kuti adzachotse okha.

## Chinyezi, nkhungu ndi tizilombo

4. Patulani zonyowa ndi za nkhungu. Pepala lonyowa limayamba nkhungu m'masiku awiri. Yalani pathaulo louma pamthunzi podutsa mphepo. Osati padzuwa, osati pafupi ndi mbaula, ndipo simbi isayandikire. Mapepala omatana musawakakamize kupatukana akadali onyowa. Nkhungu ikauma n'kukhala ngati ufa, tulukani nazo panja, valani chophimba pamphuno, ndipo isesereni pang'onopang'ono ndi burashi kuchokera pakati kupita m'mphepete. Ikakhala yonyowa kapena yoterera, idakali yamoyo, ndipo kuipukuta n'kuilowetsa m'pepala.

5. Iphani tizilombo ndi kuzizira, osati ndi mankhwala opopera. Mukaona timabowo, ufa pansi pa bokosi, ndowe za mphemvu kapena njenjete zikuthawa, ikani mapepala ouma m'thumba lapulasitiki, finyani mpweya, tsekani, n'kuika mu firiza yofika madigiri 18 kunsi kwa ziro kwa masabata awiri. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka firiza kusungunuka, yambiraninso kuwerenga masiku. Potulutsa, thumbalo likhale chitsekere tsiku lathunthu kuti thukuta lipangike kunja kwa pulasitiki osati papepala. Zithunzi zapagalasi musaziike mu firiza.

## Kulemba mndandanda

6. Musasanje mwatsopano. Apa ndi pamene anthu akhama amawonongera zambiri. Amakhuthula zonse patebulo, n'kuika makalata mbali iyi, malisiti mbali iyo, zithunzi kwina. Zikuoneka bwino, koma kapepala kopanda deti komwe kanali m'kati mwa kalata ya mu Seputembala 1927 tsopano kangokhala kapepala kopanda deti. Nyamulani mtolo umodzi panthawi, upatseni nambala, ndipo zomwe zinali limodzi zikhalebe limodzi. Pokhapokha ngati zinthu zinasakanizidwa kale ndi ana kapena posamuka ndi pomwe mungasanje motsatira mtundu, kenako zaka.

7. Lembani m'kope lanu mtolo uliwonse. Nambala, mtundu wa mapepala, wolemba, wolandira, zaka, malo, kuchuluka kwa masamba, ndi mmene zilili. Mwachitsanzo: mtolo 4, makalata 23 opita kwa mkazi wake, ochokera ku Yaba, Lagos, 1926 mpaka 1928, awiri adyedwa m'mphepete. Deti longoganizira muzilemba kuti ndi longoganizira, ndipo munene chomwe mwaganizira choncho. Pamapepala enieniwo musalembepo kanthu, kupatula kanambala kakang'ono ka pensulo pakona yakumbuyo.

8. Musataye kanthu chifukwa chooneka chachabechabe. Malisiti, matikiti a sitima, mndandanda wa malipiro, envulopu zopanda kanthu m'kati, zonsezi zisiyeni. Kwa zaka zambiri kunali kutsutsana za malo enieni a Camp Lazear, msasa wa kunja kwa Havana komwe gulu la Reed linatsimikizira kumapeto kwa 1900 kuti yellow fever imafala ndi udzudzu osati ndi zovala ndi zofunda za odwala. Ena mwa anthu omwe anakhalako ankaloza malo osiyana. Pa umboni womwe Hench anaupeza panali buku la ndalama la mwini famu yemwe anabwereketsa malowo, lomwe banja lake linali litangosunga. Malowo anawatsegulira ngati chikumbutso pa 3 Disembala 1952, ndipo kanyumba kamatabwa komwe anthu odzipereka ankagona m'zofunda zonyansa za odwala kanali kadakalipo. Wolemba buku la lendi uja sankadziwa kuti akulemba mbiri ya zachipatala.

Envulopu nazo zili ndi chidindo cha positi, ndipo pankhani za kafukufuku deti ndi limene limaweruza milandu. Carlos Finlay wa ku Cuba ananena za udzudzu pamaso pa akatswiri a ku Havana mu Ogasiti 1881, zaka 19 gulu la Reed lisanafike, ndipo ndi iye anawapatsa mazira a udzudzu omwe anayambira ntchito. Mkangano wakuti ulemu upite kwa ndani unatenga zaka zambiri pakati pa Cuba ndi America, ndipo mbali iliyonse inkadalira mapepala okhala ndi madeti.

Makalata a m'banja opanda sayansi iliyonse asungidwenso chimodzimodzi. Chimodzi mwa zinthu zomwe alendo amaima nthawi yaitali kuchiyang'ana kunyumba yokumbukira Noguchi ku Inawashiro, m'dziko la Japan, ndi kalata yomwe mayi ake, Shika, analemba mu 1912 ndi dzanja losazolowera kulemba, kumupempha mwana wawo kuti abwere kumudzi.

## Kukonza ndi kuika m'mafoda

9. Chotsani zadzimbiri. Sambani m'manja, pukutani, osadzola mafuta. Pamapepala gwirani ndi manja okha, chifukwa magolovesi amakuchititsani kung'amba m'mphepete. Mawaya a sitepula atukuleni kumbuyo ndi kampeni kobuntha, kenako sololani kutsogolo. Kachida ka mu ofesi kozulira mawaya kamabudula pepala lakale. Mapini, zopanira ndi mphira zichoke. Masamba omwe anali omangidwa pamodzi akulungeni m'pepala loyera lopinda kuti ubale wawo usatayike.

10. Tambasulani makalata kamodzi kokha. Pepala limathyokera popinda. Litambasuleni mosamala, liikeni chogona mu foda, envulopu yake kumbuyo kwake. Likakana kapena likayamba kuthetheka, lisiyeni lopinda. Makalata ambiri a zaka zoyambirira za m'ma 1900 analembedwa ndi inki yokhala ndi chitsulo, yomwe imasanduka yofiirira n'kumadya pepala motsatira zilembo. Mukaona kuwala kukudutsa m'zilembo, tsamba limenelo likhale pakati pa mapepala awiri oyera ndipo lizinyamulidwa pa katoni yolimba.

Long'ambika musalimate. Zidutswa ziikeni pamodzi mu foda imodzi basi.

11. Makope olembamo a mu labotale akhale athunthu. Musazule masamba kuti alowe bwino mu sikana, musafufute zapensulo, musachotse timapepala tolowetsedwa pakati popanda kulemba tsamba lomwe tinali. Mpaka lero olemba mbiri amatsutsana ngati Lazear analumidwa ndi udzudzu mwangozi m'chipatala cha Las Animas ku Havana kapena anadzilumitsa dala, ndipo mkanganowo umatsamira pa mizere yochepa ya m'buku lake la mu labotale, lomwe linasowa zaka zambiri lisanapezeke ku New York Academy of Medicine. M'makope otere mzere wokhwatchidwa ukhoza kukhala wofunika kuposa wolembedwa bwino. Ngati zina zikuoneka zochititsa manyazi kwa malemu, si ntchito yanu kuwakonzera.

12. Zodulidwa m'nyuzipepala zikhale pazokha. Pepala la nyuzi lili ndi asidi wambiri ndipo limasiya banga lofiirira pa chilichonse chogundana nacho. Lembani pomwe linali, lijambuleni, n'kulipatula ndi pepala loyera. Mafoda musawadzaze mpaka kutupa, ndipo m'katoni aime mothinana pang'ono kuti asapindike.

## Zithunzi ndi mafilimu

13. Chilichonse ndi kagwiridwe kake. Apa valani magolovesi, popeza chala chimasiya chidindo chosachoka. Chithunzi chilichonse chilowe m'kathumba kake. Mapulasitiki ofewa onunkha ngati nsapato zatsopano ndi a PVC, ndipo amamata pachithunzi. Alubamu yakale musaiphwasule: mawu olembedwa pansi pa zithunzi ndiwo chuma chake. Zithunzi zapagalasi ziime chilili pambali yake yaitali, chilichonse m'pepala lake, osasanjikiza.

Chenjezo lalikulu lili pa manegetivu ndi mafilimu a zaka za 1950 zisanafike. Ambiri ndi a nitrate, omwe amayaka moto wovuta kuzimitsa ngakhale ndi madzi. Ena amalembedwa mawuwo m'mphepete. Akayamba kumata, kusanduka achikasu kapena kununkha moipa, atulutseni m'nyumba yogona, akhale pozizira kutali ndi moto, ndipo funsani a malo osungira zakale. Onunkha ngati viniga ndi a acetate: sayaka choncho koma akuwola, ndipo amawoletsa anzawo. Apatuleni n'kuwajambula msanga.

## Funsani amoyo

14. Khalani pansi ndi achikulire, chithunzi chili m'manja. Ntchito zina zonse zikhoza kudikira chaka, iyi ayi. Tsegulani chojambulira mawu pafoni, tchulani deti, malo ndi amene mukucheza nawo, kenako onetsani chithunzi chimodzichimodzi potchula nambala yake mokweza. Musafunse kuti, "Awa si agogo aja?" chifukwa okalamba amavomera kuti akusangalatseni. Funsani kuti, "Kodi awa mukuwadziwa? Nanga apa ndi pati?" Azakhali akanena zosiyana ndi amalume, lembani zonse ziwiri ndi mayina a onena.

Musalekere pa azungu ndi madokotala okhala pampando kutsogolo. Funsani za oimirira kumbuyo. Katemera wa yellow fever wotchedwa 17D yemwe Max Theiler, wobadwira ku Pretoria, anapanga mu 1937, yemweyo amene amalembedwa pa khadi lachikasu lomwe apaulendo amaonetsa pabwalo la ndege, anachokera ku kachilombo kotengedwa m'magazi a Asibi, bambo wa zaka 28 wa ku Ghana yemwe anadwala mu 1927 n'kuchira. Theiler analandira mphotho ya Nobel mu 1951. Za Asibi zolembedwa ndi zochepa kwambiri. Ku Uganda, komwe Yellow Fever Research Institute inatsegulidwa ku Entebbe mu 1936, wofufuza wina, Alexander Haddow, ankawerengetsa udzudzu usana ndi usiku pa nsanja zomangidwa m'mitengo ya ku Bwamba ndi m'nkhalango ya Zika. Okwera nsanjazo n'kumagwira udzudzu ukuwatera pathupi anali anthu a komweko. Mapepala a Haddow ali ku University of Glasgow. A ogwira udzudzuwo, ngati alipo, ali m'masutikesi a zidzukulu zawo. Choncho ngati kholo lanu linali la kumbuyo kwa chithunzi, kalata yake yolembedwera ntchito ndi khadi lake la malipiro zikhoza kukhala zosowa kuposa mapepala a bwana wake.

## Kujambula ndi kusunga makope

15. Jambulani motsatira mndandanda. Mapepala pa 300 dpi kapena kuposa (dpi ndi muyeso wa kaonekedwe ka chithunzi womwe mumasankha pa sikana), zithunzi pa 600 dpi, zonse zamitundu ngakhale zooneka zakuda ndi zoyera. Kutsogolo ndi kumbuyo komwe, envulopu nayonso, m'mphepete monse mukuoneka. Pepala lakale lisalowe mu sikana yokoka yokha. Pogwiritsa foni, ikhale pamwamba penipeni pa pepala, pafupi ndi windo, fulashi ya kamera itazimitsidwa. Makope oyamba asungeni ngati TIFF, mtundu wa fayilo wosachepetsa chithunzi, sikana ikalola, ndipo ogawira abale akhale JPEG kapena PDF. Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako nambala ya mtolo, kuti kompyuta izisanja yokha.

16. Makope akhale atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kunyumba ina kapena pa intaneti. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimachepetsedwa. Chitumizeni ngati document. Chaka chilichonse tsegulani mafayilo angapo kuona ngati akutsegukabe. Kujambula si chilolezo chotaya mapepala enieni.

## Poika bokosi

17. Sankhani chipinda cha pakati pa nyumba, chozizira, chouma, chamdima. Chinyezi chabwino ndi cha pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Chikapitirira 65, nkhungu imayamba. Bokosi likhale pa shelefu, masentimita 15 kapena kuposa kuchokera pansi, losagunda khoma lakunja chifukwa ndimo mumadzera chiswe. Kusiling'i pansi pa malata kumatentha masana n'kuzizira usiku, ndipo kusinthasintha koteroko kumathyola pepala. Galaja, khitchini ndi pafupi ndi bafa ayi. Liyendereni dzinja likamayamba ndi likamatha.

## Mayina a odwala, ndi kupereka mapepala

18. Musathamangire Facebook. M'mapepala a ofufuza mumakhala mayina a odwala, matenda awo ndi zotsatira za kupima mitembo. Zina ndi mbiri yodziwika kale, monga zikalata za chilolezo zomwe gulu la Reed linasainitsa anthu odzipereka mu 1900, m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, zolonjeza madola 100 agolide ndi ena 100 munthu akadwala. Koma kaundula wa odwala wa m'zaka za m'ma 1950 akhoza kukhala ndi anthu omwe ana awo ali moyo. Sungani zonse mosasintha, koma pa makope oonetsa anthu phimbani mayina.

19. Ganizirani zopereka ku malo osungira zakale. Yambani ndi kumene malemu ankagwira ntchito kapena kuphunzira. Zosonkhanitsa za Hench zinapita ku University of Virginia atamwalira mu 1965, chifukwa Reed anaphunzira udokotala kumeneko. Hench ankafuna kulemba buku lomwe sanalimalize, koma mabokosi ake ndiwo akudyetsa olemba ena mpaka pano. Za omwe anatumidwa ndi Rockefeller Foundation, bungwe la ku America lomwe linkalipirira kafukufuku wa nthendayi, zimasungidwa ku Rockefeller Archive Center ku Sleepy Hollow, New York. Ngati muli kuno kwathu ndipo mukufuna wokuunikirani musanalembere akunja, National Archives ku Zomba kapena ku Lusaka ndi poyambira.

Tumizani mndandanda wanu, osati bokosi. Funsani kuti adzazisanja liti, ndani adzaloledwa kuwerenga, banja lidzalandira makope otani, ndipo zomwe sakuzifuna adzabweza kapena adzataya. Zonsezi zilowe m'chikalata chosainirana, chonenanso ngati mwapereka kotheratu kapena mwangosungitsa. Dziwaninso kuti kukhala ndi kalata sikukupatsani ufulu woisindikiza: ufuluwo ndi wa woilemba kapena olowa m'malo mwake.

## Zolakwika zofala

- Kuchita laminate satifiketi. Kutentha ndi guluu zimalowa m'pepala ndipo sizibwezeka. Iyi ndiyo imawononga zikalata zofunika kwambiri, chifukwa anthu amasankha zomwe amazikonda.
- Kupachika chenicheni pakhoma. Kuwala kumafufuta inki. Pachikani kope.
- Kutsekera mapepala m'pulasitiki kwa zaka. Chinyezi chotsekeredwa m'katimo chimabala nkhungu.
- Kulemba mayina ndi bolopeni kumbuyo kwa chithunzi. Imadinda mpaka kutsogolo, ndipo inki imasamukira pa chithunzi chotsatira.
- Kumatula masitampa pa envulopu kuti ana asewere nawo kapena agulitsidwe. Deti limapita nawo limodzi.
- Kubwereketsa zenizeni kwa wofufuza kapena mtolankhani wolonjeza kubweza sabata yamawa. Awerengere pakhomo panu, inu mulipo, kapena atenge makope.
- Kugulitsa kalata imodzi yokhala ndi siginecha ya munthu wotchuka. Ogula amafuna yomweyo, ndipo mtolo wotsalawo umakhala ndi mpata pamalo pomwe ofufuza adzayang'ane poyamba.
- Kusunga mndandanda m'mutu. Sindikizani makope awiri: limodzi ligone pamwamba m'bokosi loyamba, lina likhale kwa wolandira ntchitoyi pambuyo panu.